Lekani kunena amayi, kafukuleni mapaipi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za nkhani imene munatulutsa posachedwapa yofotokoza chimene chikukweza mabilu a madzi m'makomo a m'tauni. Ndinaiwerenga mpaka kumapeto ndipo inandiwawa. Mlembi wanu anaunjika mlandu wonse pa amayi, akuti timatsuka mbale mpopi uli chitsegulire, pa ana osewera ndi madzi, ndi pa atsikana antchito ochapa mosasamala. Za mapaipi akale anangozikhudza m'chiganizo chimodzi chakumapeto, kuti amene ali ndi mapaipi achitsulo aitane pulambala awaikire apulasitiki, basi. Ine ndine mayi, ndimakhala kuno ku Blantyre m'nyumba imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndangomaliza kumene kusintha mapaipi a nyumba yonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene munalemba zanamizira anthu osalakwa, ndipo malangizo anu achidulewo alowetsa ambiri m'mavuto.

Tiyambe ndi masamu, poti mlembi wanu sanawachite. Mita ikasuntha nambala imodzi yakuda, apita malita 1,000, kutanthauza ndowa 50 za malita 20. Mayi wotsuka mbale, kaya akhale wosasamala chotani, amatsegula mpopi kwa mphindi zingapo n'kutseka, chifukwa ali ndi zina zochita. Paipi yobooka pansi pa simenti sitseka. Ikamataya lita imodzi yokha pa mphindi, pofika mawa nthawi yomweyo yataya malita 1,440, ndowa 72, ndipo madzi akamatuluka mwezi wathunthu malita otayika amapitirira 43,000. Ndi mayi uti m'dziko muno amene amatsukira mbale ndowa 72 pa tsiku? Madzi amenewa palibe amene amawaona. Amangolowa m'nthaka pansi pa maziko, usana ndi usiku, koma mita imawawerenga onse chifukwa adutsa kale pa iyo. Ndipo paipi iliyonse yochoka pa mita kulowera kunyumba ndi udindo wa mwini nyumba, choncho bilu yonseyo ndi yake.

Kudziwa ngati nyumba ikutaya madzi mobisika sikulira ndalama. Tsiku limene madzi akutuluka, tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ya kuchimbudzi yadzadza ndipo yasiya kulira, kenaka pitani pa mita mukaiyang'anitsitse. Ngati kagudumu kake kakuzungulirabe, madzi akutuluka penapake. Kapena lembani manambala onse a pa mita pogona, usiku umenewo pasapezeke wotsegula mpopi, m'mawa mukawerengenso. Mizere iwiri yokha ya malangizo amenewa ikanathandiza anthu kuposa tsamba lonse limene munalidzadza ndi kudzudzula.

Mwina mukuona ngati kunena amayi ndi antchito n'kungocheza chabe. M'makomo muno mawu otere amapweteketsa anthu. Pafupi ndi kwathu mtsikana wina wantchito anamudula malipiro miyezi yotsatizana chifukwa cha bilu ya madzi, mapeto ake anamuchotsa, n'kubwerera kwawo ndi mbiri yoti ndi wowononga. Bilu sinatsike. Patapita nthawi khoma la kubafa linayamba kunyowa m'munsi, penti n'kumasupuka, ndipo atakumba anapeza paipi yowola. Mwana uja palibe amene anamutsatira kukamupepesa kapena kumubwezera ndalama zake. Bwana wina akawerenga nkhani yanuyo apeza umboni wochitira zomwezo kwa wantchito wake, ndipo adzati ngakhale nyuzipepala yanena.

Mapaipi amene ankaikidwa m'nyumba zambiri zakalezi, aja amisiri amawatchula kuti ma GI, ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki. Zinkiyo ndiyo imateteza chitsulo, koma imatha pang'onopang'ono, ndipo ikatha dzimbiri limayamba kudya kuchokera m'kati. N'chifukwa chake paipi imaoneka yabwinobwino kunja, yopentedwa ndithu, pomwe m'kati inatha kale. Poyambirira kuwola ndi pa mazinga, pamene paipi imamangirirana ndi soketi kapena elubo, chifukwa pocheka mazingawo zinki imachoka ndipo chitsulo chimatsala chopyapyala. Mapaipi amenewa amakhala zaka za pakati pa 40 ndi 50. Tsono werengani nokha. Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo nyumba zambiri za ku Chitawira, Nkolokosa, Kanjedza ndi Chinyonga ndi za zaka zotsatira pamenepo. Ku Lilongwe, nyumba za ku Area 18 ndi madera ena zinamangidwa pamene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, kusamuka kumene kunachitika mu 1975. Nyumba za msinkhu umenewu, kaya za bungwe, kaya zogulidwa, kaya zomanga anthu okha, mapaipi ake afika pothera nthawi imodzi. Imeneyi ndiye nkhani imene mtolankhani akanaisaka.

Kusiyasiya kwa madzi kumawonjezera vutoli. Madzi akasiya, m'paipi mumalowa mpweya, ndipo chitsulo chonyowa chikakumana ndi mpweya dzimbiri limafulumira. Akabwerera amabwera ndi mphamvu, mapaipi n'kumagunda m'khoma, mpopi n'kumalavula madzi ofiira amene amathimbiriritsa malaya oyera a ana a sukulu. Dzimbiri lina limakanirira m'kati n'kumatseka njira. Mmisiri atadula paipi ya kukhitchini kwathu anandionetsa: paipi ya theka la inchi inatsala ndi kabowo kolowa kamtengo ka machesi kokha. Anthu ambiri amene amadandaula kuti kwawo madzi amatuluka mofooka pomwe kwa oyandikana nawo akutuluka bwino, vuto lili m'khoma mwawo momwemo.

Chimene chimandisowetsa tulo kuposa bilu ndi ichi. Bowo limene limatulutsa madzi ndi lomwenso limalowetsa. Madzi akasiya, otsala m'paipi amatsetserekera kumunsi, makamaka kuno kwathu kwa zitunda, ndipo potsetserekapo amakoka chilichonse chimene chili m'nthaka pafupi ndi bowolo. M'mapuloti ambiri munamangidwa nyumba zina kuseri, zimbudzi zokumba ndi maenje a madzi oipa, ndipo paipi yakale yochokera pa mita imadutsa m'mbali mwa zimenezi chifukwa inaikidwa zisanamangidwe. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Tinauzidwa zosamba m'manja, kuthira kulorini ndi kuwiritsa madzi a pachitsime. Ndi angati amene anauzidwa kuti madzi a pampopi wa m'nyumba mwawo angathe kuipitsidwa ndi paipi yawo yomwe, pakati pa mita ndi khitchini? Palinso mtovu. Zinki ya mapaipi ena akale inkakhala ndi mtovu pang'ono, ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino m'thupi la mwana.

Tsono tifike pa malangizo anu aja, akuti itanani pulambala aike apulasitiki. Pulambala wake uti? Apulasitiki ake ati?

Ine ndinaitana pulambala. Ndinampeza pakati pa amisiri amene amakhala pakhomo pa mashopu a hadiweya kudikira ganyu, chikwama cha zipangizo chili pambali. Anayankhula bwino, anayendera nyumba, analemba mndandanda wa zofunika, n'kunena kuti akagule yekha chifukwa akudziwa kotsika mtengo. Anaswa makoma, anaika mapaipi, anamata simenti tsiku lomwelo, ndinamulipira. Sipanapite nthawi, paipi yochokera ku giza inaphulika m'khoma usiku, madzi otentha n'kudzadza m'chipinda chogona adzukulu anga. Foni ya mmisiri uja inasiya kupezeka. Anzake a pakhomo pa shopu paja onse anati sakumudziwa.

Mmisiri wachiwiri, bambo wachikulire amene anandionetsa satifiketi yake ndisanamufunse n'komwe, anaswanso makoma omwewo. Ku giza woyamba uja anaika PVC wamba, wa madzi ozizira, amene amafewa akakumana ndi madzi otentha. Panja, kuchokera pa mita, anakwirira mapaipi opyapyala aja odutsitsamo mawaya a magetsi, amene sanapangidwire kusunga mphamvu ya madzi. Ena analibe chilembo chilichonse, ngakhale dzina la kampani imene inawapanga. Ndinatenga zidutswa kupita nazo ku shopu imene inalembedwa pa kalisiti kamene anandisiyira. Mwini shopu anandilozera chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kutembenukira kwa kasitomala wina. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti zikwangwani zotere n'zosemphana ndi malamulo, koma mayi wamasiye ataima yekha pa kauntala, zidutswa za paipi zili m'manja, amangoonedwa ngati wobwera kudzasokoneza malonda.

Ndinalipira kawiri ntchito imodzi, m'nyengo imene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wa zomangira n'kukwera kotheratu. Ndalama ya penshoni imene ndinasungira malata inathera m'khoma.

Zimene ndaphunzira kwa bambo achikulirewo ndi zimene nyuzipepala yanu inayenera kulemba. Pulasitiki si imodzi. Paipi yoyenda pansi pa nthaka kuchokera pa mita, yabwino ndi yakuda ija ya HDPE, imene imabwera yokulunga ndipo simafuna zolumikiza zambiri. Ikwiriridwe mozama ndithu, pa dothi losalala lopanda miyala, kutali ndi chimbudzi, kuti khasu la wolima kadimba lisaipeze. PVC ndi wa madzi ozizira okha, ndipo akakhala pa dzuwa zaka zingapo osapentedwa amauma n'kumathetheka. M'nyumba, makamaka ku madzi otentha, amisiri ambiri tsopano akuika PPR, yobiriwira ija, imene saimata ndi guluu koma amailumikiza poitenthetsa ndi kamakina. Paipi yeniyeni imakhala ndi zilembo m'litali mwake: dzina la wopanga, kukula kwake, ndi mphamvu ya madzi imene ingapirire. Pa PPR pamalembedwa PN ndi nambala; PN10 ndi ya madzi ozizira, ya ku giza ikhale PN20. Paipi yopanda zilembo musailole kulowa pakhomo, ngakhale itsike mtengo chotani.

Ngakhale paipi ikhale yabwino, dzanja la mmisiri lingathe kuiwononga. Akaitenthetsa mopitirira muyeso kapena kuikankha kwambiri, pulasitiki yosungunuka imatseka njira m'kati mwa cholumikizira, madzi n'kumatuluka mofooka m'nyumba ya mapaipi atsopano. Amisiri ena amasintha pooneka pokha n'kusiya chitsulo chakale pansi pa simenti, kumene kuli bowo lenilenilo. Ena amalumikiza paipi ya kopa ya ku giza mwachindunji ku chitsulo chakale, pomwe zitsulo ziwirizi zikakhudzana m'madzi, cha GI chimadyeka msanga. Ndipo lamulo limene ndikanakonda mulilembe ndi zilembo zikuluzikulu ndi ili: khoma lisamatidwe madzi asanatsegulidwe. Mapaipi akhale poyera, madzi ali m'kati ndi mphamvu yake yonse, mipopi yotseka, mwini nyumba aone ndi maso ake kuti mita yaima ndipo palibe polumikizira pamene pakuchucha. Ndalama yomaliza iperekedwe pambuyo pa zimenezi. Nthawi zambiri sipafunikanso kuswa pansi ndi kuwononga matailosi. Paipi yakale imangodulidwa n'kusiyidwa momwemo, yatsopano n'kuyenda m'mbali mwa khoma kapena kudenga. Paikidwenso valavu pafupi ndi nyumba, ina kubafa, kuti tsiku la ngozi munthu asathamangire ku mita mumdima.

Pali chinthu china chimene chinandiopsa kwambiri, ndipo sindinachionepo chitalembedwa m'nyuzipepala iliyonse. M'nyumba zambiri zakale, amisiri a magetsi ankamangirira waya wa earth ku paipi yachitsulo ya madzi, chifukwa paipiyo inkalowa m'nthaka ndipo magetsi othawa ankatsikira momwemo. Mukachotsa chitsulocho n'kuika pulasitiki, njira imeneyo yaduka, pakuti pulasitiki sidutsitsa magetsi. Nyumba imaoneka bwinobwino, mababu akuyaka, koma tsiku limene giza kapena kuka idzawonongeke m'kati, magetsi adzasowa kolowera ndipo adzadikira munthu woyamba kugwira mpopi ndi manja onyowa, ali chosavala nsapato kubafa. Pulambala woyamba uja anadula waya wobiriwira umene unali pa paipi ya kuseri kwa khitchini n'kuusiya ukulendewera. Wachiwiri atauona anakana kupitiriza ntchito mpaka nditaitana mmisiri wa magetsi wovomerezeka, amene anakhomera chitsulo chake cha earth m'nthaka n'kuyeza ndi makina. M'nyumba imeneyi mumasamba ana. Mlembi wanu akamauza mtundu wonse kuti ungochotsa chitsulo n'kuika pulasitiki osatchulapo za waya ameneyu, akudziwa chimene akuchita?

Ine nyumbayi ndi yanga, anandisiyira malemu bambo a kunyumba kuno, kotero ndinatha kulamula kuti makoma aswedwe. Nanga a lendi? Iwo ali pakati. Bilu amalipira ndi iwo, koma mapaipi ndi a landilodi. Akadandaula amauzidwa kuti amene anatuluka sankadandaula, kapena kuti akonze okha adzachotsera pa lendi, lonjezo limene limaiwalika mwezi ukatha. Landilodi bilu simukhudza, ndiye alibe chomufulumizitsa. Wa lendi sangaike ndalama zake m'khoma la mwini, podziwa kuti mawa angapatsidwe notisi. Zotsatira zake ndi malegeni: paipi imangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, ikabooka pena imangidwanso, mpaka paipi yonse kukhala mfundo zokhazokha. Pa mapuloti a mabanja angapo ogwiritsa mita imodzi, bilu ikabwera anthu amalozana zala, wa ana ambiri ndiye amanenedwa, anthu okhalirana bwino n'kusiya kupatsana moni chifukwa cha bowo limene lili pansi pa khonde la landilodi. Nkhani yanu yathira mafuta pa mikangano imeneyi.

Ndipo madziwa si otchipa kwa wina aliyense. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire, ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa ndi magetsi kudzera ku Chileka kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike m'tauni. Ena amachokera ku damu la Mudi, enanso ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Madzi oyeretsedwa ndi mankhwala, okwezedwa phiri lonselo, akathera pansi pa bafa ya munthu, pomwe ku Bangwe, ku Mbayani ndi ku Chirimba amayi akudzuka usiku kukaima pa mzere ku kiyosiki ndi zigubu. Amayi amenewo amadziwa mtengo wa lita iliyonse. Madzi otsukira mbale amathirira masamba, ochapira amakolopera m'nyumba. Kuwauza iwo kuti aphunzire kusamala madzi ndi chipongwe.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi lakuti mubwerere ku nkhaniyi, ndipo ulendo uno mutume mtolankhani amene atuluke mu ofesi. Apite m'mashopu a hadiweya a mu Limbe, mu Blantyre ndi ku Lilongwe, agule mapaipi monga amagulira munthu wamba, awerenge amene ali ndi zilembo ndi amene alibe, kenaka akafunse a Malawi Bureau of Standards kuti wogula angazindikire bwanji paipi yoyesedwa ndi kumene angakanene akagulitsidwa yachinyengo. Akafunse a TEVETA, amene akhala akuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ngati pali njira yoti mwini nyumba atsimikizire satifiketi ya pulambala asanamupatse khoma lake, chifukwa amisiri ophunzira alipo ndipo nawonso akulandidwa ntchito ndi anthu ongogula sipanala. Akafunse mabungwe a madzi ngati sangasindikize kuseri kwa bilu, kapena kutumiza pa foni, njira ija yoyesera mita, ndi kuchenjeza kasitomala amene bilu yake yalumpha mwadzidzidzi. Akafunse odziwa malamulo kuti paipi ikawola m'nyumba ya lendi, wokonza ndani ndipo bilu ya madzi otayikawo ndi ya yani. Mayankho ake muwalembe m'Chichewa, pa tsamba lomwelo limene munatinenerapo, ndipo chenjezo la waya wa earth likhale pamwamba.

Mlembi wanuyo apepesenso kwa amayi ndi kwa atsikana antchito. Ngati akufuna kuona zidutswa za mapaipi, zachitsulo zowola ndi zapulasitiki zachinyengo zomwe, ndazisunga m'thumba ndipo ndidzabwera nazo ku ofesi kwanu tsiku limene mudzandiitane.

Ndine,

Mayi wodandaula,
Blantyre